Momwe mungapangire kabokosi kofunsa mafunso mu makro ya ImageJ

Makro ndi fayilo ya malamulo amene pulogalamu ya ImageJ imawatsata yokha. Makro yoyezera masamba pa chithunzi imamvera bwino mwini wake amene anailemba. Mavuto amayamba ikapita m'manja mwa wina. Mnzanuyo wajambula zithunzi zake ndi rula ina, masamba ake ndi aang'ono kuposa anu, ndiye akutsegula fayilo kuti asinthe manambala yekha. Posintha nambala wafufutanso chizindikiro chimodzi, makro yaima, akukuimbirani foni usiku. Kaya muli ku Chirunga mukulemba pulojekiti ya chaka chomaliza, kaya muli ku Makoka mukuyeza masamba a nandolo, mankhwala ake ndi amodzi: makro izifunsa yokha zimene ikufuna kudzera m'kabokosi, munthu azingolemba mayankho n'kudina OK.

ImageJ ndi pulogalamu yaulere yoyezera zinthu pa zithunzi, imene Wayne Rasband anailemba ku National Institutes of Health ku America, ndipo inatuluka mu 1997. Fiji ndi ImageJ yomweyo koma yobwera ndi zowonjezera zambiri, n'chifukwa chake imadya bandulo poitsitsa. Siifuna kuikidwa mwapadera. Mukhoza kukopera foda yake pa fulashi ya mnzanu amene kompyuta yake ndi ya mtundu ngati yanu, n'kuyamba ntchito pomwepo. Zonse zili m'munsimu zimagwira pa ziwirizi, kupatula chimodzi chimene nditchule kumapeto.

Chitsanzo chathu ndi masamba oyalidwa pa pepala loyera, rula ili pambali, ojambulidwa kuchokera pamwamba kapena ndi sikana.

Yambani ndi kupeza manambala amene amasintha. Tsegulani Plugins, Macros, Record, kenako yezani chithunzi chimodzi ndi manja monga mwa masiku onse. Kawindo ka Recorder kazilemba lamulo lililonse limene mwadina. Mukamaliza, yang'anani m'mizere imeneyo n'kudzifunsa kuti ndi ziti zimene munthu wina angafune kusintha. Kwa ife zilipo zisanu: dzina la munda, utali wa mzere wa pa rula, kukula kwa kanthu kakang'ono kwambiri koyenera kuwerengedwa ngati tsamba, njira yolekanitsira tsamba ndi pepala, ndiponso ngati pepalalo ndi loyera kapena lakuda. Zina zonse zisiyeni mkati mwa makro. Kabokosi ka mafunso khumi ndi asanu anthu sakawerenga, amangodina OK.

Funso likakhala limodzi lokha, lamulo la getNumber (lofunsa nambala) kapena la getString (lofunsa mawu) ndi lokwanira. Pa mafunso asanu zimatopetsa, chifukwa timabokosi timatuluka kamodzikamodzi motsatizana, ndipo munthu akalakwitsa koyambirira sangabwerere.

Tsopano mangani kabokosi. Pitani ku Plugins, New, Macro, mulembe izi:

```
njira = newArray("Default", "Otsu", "Huang", "Triangle");
Dialog.create("Kuyeza masamba");
Dialog.addString("Dzina la munda:", "Thondwe_1", 20);
Dialog.addNumber("Utali wa mzere pa rula:", 10, 1, 6, "cm");
Dialog.addNumber("Tsamba lochepetsetsa:", 0.5, 2, 6, "cm2");
Dialog.addChoice("Njira yolekanitsira:", njira, "Otsu");
Dialog.addCheckbox("Pepala ndi lakuda", false);
Dialog.show();
```

Mzere wa create ukupereka mutu wa kabokosi, mizere ya add ikuika mafunso, ndipo palibe chimaoneka mpaka makro itafika pa show. Mu addNumber, nambala yoyamba ndi yankho lokhalamo kale, yachiwiri ndi kuchuluka kwa manambala a pambuyo pa kadontho, yachitatu ndi kufutukuka kwa malo olembamo, kenako muyeso. Muyesowo musaumane. Munthu akaona malo opanda "cm" pambali akhoza kulemba 100 akuganiza za mamilimita.

Pa njira yolekanitsira ndasankha addChoice dala. Mukapatsa munthu malo oti alembe yekha, wina alemba "otso", wina "Ostu", makro n'kuima. Paliponse pamene mayankho ovomerezeka ndi owerengeka, m'patseni mndandanda asankhepo. Mafunso eni ake mukhoza kuwalemba m'Chichewa monga ndachitiramu, kompyuta ilibe nazo kanthu, ndipo wothandiza pa kafukufuku amene Chingerezi cha sayansi chimamuvuta agwira ntchito osafunsa kawiri.

Chotsatira ndi kutenga mayankho, ndipo apa ndi pofunika kudekha:

```
munda = Dialog.getString();
utali = Dialog.getNumber();
malire = Dialog.getNumber();
yosankhidwa = Dialog.getChoice();
lakuda = Dialog.getCheckbox();
```

Onani kuti mu getNumber simukutchula funso limene mukufuna. Makro siyang'ana mayina a mafunso, imangotsata ndondomeko ngati madengu a pa chigayo: loyamba kuikidwa pa mzere ndi loyamba kugayidwa. Manambala ali ndi mzere wawo, mawu ali ndi wawo, zosankha zili ndi wawo. Choncho kuika getChoice pamwamba pa getString sikuononga kanthu, koma kusinthanitsa ma getNumber awiri aja kumaononga zonse popanda uthenga uliwonse wochenjeza.

Tiyeni tiwerengere. Utali ukatenga 0.5 m'malo mwa 10, sikelo yalakwika ka 20, ndipo kukula kwa tsamba kwachepa ka 400. Tsamba la 40 cm2 lisanduka 0.1, ligwera pansi pa malire amene tsopano ali 10, tebulo la Results lituluka lopanda kanthu. Pamenepo mwachita mwayi, chifukwa muzindikira msanga. Koma tiyerekeze kuti mzere wa pa rula unali 5 ndipo malire anali 2. Akasinthana, tsamba la 50 cm2 liyezedwa ngati 8, lipitirira malire a 5, lilowa mu tebulo bwinobwino. Manambala otere akhoza kufika mpaka mu lipoti. Kawirikawiri zimachitika mukabwerera patapita miyezi kudzawonjezera funso latsopano pakati pa akale, n'kuika get yake pansi penipeni. Kumbukiraninso kuti addSlider imawerengedwa ndi getNumber, ndiye imalowa mu mzere wa manambala, pomwe addDirectory imawerengedwa ndi getString.

Musakhulupirire mayankho musanawayese. Munthu akalemba chilembo m'malo a nambala, Dialog.getNumber imabweza NaN, kutanthauza kuti chimene chalembedwacho si nambala. Ikani chotchinga:

```
if (isNaN(utali) || utali <= 0)
    exit("Utali wa mzere ukhale nambala yoposa 0.");
if (isNaN(malire) || malire < 0)
    exit("Onaninso kukula kwa tsamba lochepetsetsa.");
```

Ka getNumber koima pakokha kaja kamachita mosiyana: kakalandira zosamveka kamangotenga yankho lokhalamo kale n'kupitiriza mwakachetechete, chimene ndi chifukwa china chosakakondera. Batani la Cancel ndiye musavutike nalo, munthu akalidina makro imaima yokha.

Pali zina zimene munthu sangalembe, ayenera kuziloza pa chithunzi. Kabokosi ka Dialog.create kakatseguka, chithunzi sichikhudzika mpaka mutadina OK kapena Cancel. Pojambula mzere pa rula gwiritsani ntchito waitForUser, imene imaimitsa makro koma n'kukusiyirani manja omasuka:

```
setTool("line");
waitForUser("Rula", "Jambulani mzere wa " + utali + " cm pa rula, kenako dinani OK.");
getLine(x1, y1, x2, y2, w);
if (x1 == -1) exit("Simunajambule mzere.");
d = sqrt((x2-x1)*(x2-x1) + (y2-y1)*(y2-y1));
run("Set Scale...", "distance=" + d + " known=" + utali + " unit=cm");
run("Select None");
```

Uthengawo ukubwereza nambala imene munthu analemba, kotero ngati ma getNumber anasinthana, aona akuuzidwa kujambula mzere wa 0.5 cm n'kudabwa. Iliponso Dialog.createNonBlocking kwa amene akufuna mafunso ndi kukhudza chithunzi nthawi imodzi.

Yang'anitsitsani mpata umene uli patsogolo pa known ndi unit mkati mwa zizindikiro zogwidwa mawu. Ukasowa, nambala imamatana ndi liwu lotsatira ndipo lamulo silimveka. Yankho lokhala ndi mipata mkati mwake, monga dzina la foda, lizunguliridwe ndi [ ndi ] polipereka ku run.

Kenako mayankho otsalawo agwire ntchito yawo:

```
run("8-bit");
if (lakuda) setAutoThreshold(yosankhidwa + " dark");
else setAutoThreshold(yosankhidwa);
run("Set Measurements...", "area display redirect=None decimal=2");
kale = nResults;
run("Analyze Particles...", "size=" + malire + "-Infinity display exclude");
for (i = kale; i < nResults; i++) {
    setResult("Munda", i, munda);
    setResult("Njira", i, yosankhidwa);
    setResult("Malire", i, malire);
}
updateResults();
```

Liwu la dark likuuza ImageJ kuti kumbuyo ndiko kwakuda, osati tsamba. Liwu la exclude limataya chilichonse chokhudza m'mphepete mwa chithunzi. Zimenezi zimathandiza pa rula, imene ikhoza kuwerengedwa ngati tsamba lalitali: pojambula, ikeni mofika m'mphepete, masamba akhale pakati osakhudzana.

Mizere ya setResult ija ambiri amaisiya, koma ine ndimaiona ngati theka la phindu la kabokosi. Mukapatsa anthu ufulu wosintha njira ndi malire, muyenera kudziwa chimene aliyense anasankha. Wina akayeza masamba a ku Thondwe ndi Otsu, wina a ku Domasi ndi Huang, kusiyana kumene muone pakati pa minda iwiriyo mwina n'kwa njira chabe. Zosankhazo zikalembedwa pa mzere uliwonse wa tebulo, oyang'anira kafukufuku wanu akafunsa muli ndi choonetsa.

Ngati makro ikuyenda m'foda ya zithunzi zambiri, kabokosi kakhale pamwamba, kunja kwa for imene imabwereza ntchito pa chithunzi chilichonse, kuti kafunse kamodzi. Ka waitForUser kokha ndi kamene kangalowe mkati, ngati kamera inkasuntha pakati pa chithunzi ndi chithunzi. Zithunzi za pa sikana yosasinthidwa zimakhala ndi sikelo imodzi, ndiye mzere umodzi ukwanira zonse. Ndi mmene magetsi amathimira, lamulo la saveAs lizisunga tebulo pakutha pa chithunzi chilichonse, osadikira chomaliza.

Sungani fayilo ndi dzina lokhala ndi kamzere kapansi, monga Yeza_Masamba.ijm, muiike mu foda ya plugins, mutseke pulogalamu n'kuitsegulanso. Ionekera pansi pa Plugins, ndipo woigwiritsa ntchito sadzafunikanso kuona mkati mwake.

Chimodzi chija cha Fiji yokha ndi mizere yoyamba ndi #@ imene imalembedwa pamwamba penipeni pa fayilo n'kupanga kabokosi m'malo mwa mizere ya Dialog:

```
#@ String (label="Dzina la munda") munda
#@ Double (label="Utali wa mzere pa rula, cm", value=10) utali
```

Apa funso lililonse limamangidwa ku dzina lake, kotero vuto la ndondomeko ya ma get kulibe. Fiji imakumbukiranso mayankho a ulendo wapita n'kuwaikamo okha. Pa kompyuta yanu ndi zabwino, koma pa ya mu labu imene anthu amasinthana mupeza manambala a amene anakhalapo dzulo. Mukafuna kuti nthawi zonse iziyambira pa 10, wonjezerani persist=false pambali pa value.