Shaki yachilendo ikafika padoko, mpeni uyambe wadikira

Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankadziwa mtundu umodzi wokha wa shaki ya mlomo wa sowo yokhala ndi timipata topumira 6. Dzina lake ndi Pliotrema warreni, inalembedwa mu 1906, ndipo imapezeka ku South Africa ndi kumwera kwa Mozambique. Mu 2020 katswiri wina, Simon Weigmann, ndi anzake analengeza mitundu ina iwiri: Pliotrema kajae ya ku Madagascar ndi Pliotrema annae ya ku Zanzibar. Ya ku Zanzibar sinachite kusakidwa ndi sitima yakafukufuku ayi, inatuluka m'nsomba zomwe asodzi wamba anabwera nazo kumtunda. N'chifukwa chake malangizowa akupita kwa inu ogwira ntchito padoko, chifukwa ndinu oyamba kuiona nsomba isanatumbulidwe.

Choyamba mupempheni msodzi aleze mtima, asadule mutu kapena zipsepse. Igonekeni nsombayo pamalo osalala, mutu uloze kumanzere, muike lula pambali pake, ndipo mujambule thupi lonse. Kenako jambulani mutu cha kumimba, mano ndi chipsepse chilichonse mutachitambasula. Chithunzi chopanda lula n'chongokometsa foni basi.

Mukatero werengani timipata topumira. Shaki zambiri zili nato 5 mbali iliyonse, ndiye mukapeza 6 kapena 7 tcherani maso. Onaninso pomwe timipatato tili. Pali nsomba ina ya mlomo wa sowo yotchedwa sawfish imene anthu amaisokoneza ndi shakiyi, koma iyo timipata take tili kunsi kwa thupi ndipo ilibe ndevu. Shaki ya sowo timipata tili m'mbali mwa mutu, mano a pasowopo ndi aakulu ndi aang'ono mosakanikirana, ndipo ili ndi ndevu ziwiri ngati za mlamba.

Ndevuzo musazipeputse. Pa Pliotrema warreni zimamera kufupi ndi kamwa, pamene pa mitundu iwiri yatsopanoyi zili cha pakati pa nsonga ya sowo ndi kamwa. Kusiyana kwa masentimita ochepa kumeneku ndi chimodzi mwa zomwe zinalekanitsa mitunduyi. Choncho yezani kuchokera kunsonga kufika pandevu, kuchokera pandevu kufika pakamwa, komanso utali wonse mpaka kumapeto kwa mchira. Lembaninso ngati ndi yaimuna: yaimuna imakhala ndi ziwalo ziwiri zazitali pazipsepse za kumimba.

Pa za DNA, imene imasonyeza chibadwa cha chamoyo, dulani kachidutswa ka chipsepse kochepa ndithu, mukaike m'kabotolo ka ethanol (mowa wosungira zinthu) wamphamvu, wa 95 peresenti. Chitani izi nsomba isanalowe m'mankhwala a formalin, pakuti formalin imasunga thupi koma imawononga DNA. Thupilo liikeni pa ayezi kapena mufiriji. Kapepala kolowa m'botolo kalembedwe ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka. Palembedwe nambala, tsiku, malo, kuya kwa madzi ndi chida chomwe msodzi anaphera. Za kuya ndi malo mufunseni msodzi mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka nsombayo muigule pamtengo wake. Amene mwamulanda lero mawa sakuitanani.

Musathamangire kulengeza pa Facebook kuti mwapeza mtundu watsopano. Nthawi zambiri imakhala yodziwika kale, kungoti ndi yaing'ono kapena yasochera kutali ndi kwawo. Kuti dzina livomerezeke, akatswiri amayerekeza nsombayo ndi zinzake zosungidwa m'malo ngati South African Institute for Aquatic Biodiversity ku Makhanda, nasankha imodzi yoimira mtundu wonse, yotchedwa holotype, imene imasungidwa kuti aliyense wokayika akaiyeze yekha. Akatero amasindikiza kufotokoza kwake motsata malamulo a mayiko onse otchulira nyama, dzina lili la mawu awiri a Chilatini. Ntchitoyi imatha kutenga zaka, ndiye tumizani zithunzi ndi miyezo ku ofesi ya zausodzi ya dera lanu, nambala ya pabotolo ikhale yomweyo ya m'kope mwanu.