Wodwala akamwa ayodini wa radiation: momwe mungamusamalire pakhomo

Odwala khansa ya chithokomiro ambiri akachitidwa opaleshoni amapatsidwa kapisozi wa ayodini wa radiation, uja amamutcha I-131. Chithokomiro chimakoka ayodini, ndiye mankhwalawa amalondola khansa yotsalira n'kuiwononga. Amayi anga anakamwera ku Johannesburg, ine ndili gadiyani wawo.

Yambani ndi kusiya mchere wa ayodini, sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lomwa lisanafike. Thupi liyenera kukhala ndi njala ya ayodini, pomwe mchere wa m'magolosale muno umakhala ndi ayodini chifukwa lamulo limatero. Mavenda ena adzakulumbirirani kuti mchere wawo wamiyala ulibe. Musatengeke, akungofuna ndalama yanu. Ife ndiwo za amayi tinkaphika padera, zopanda mchere. Mkaka, chikasu cha dzira ndi nsomba za m'zitini muyambe mwaziiwala. Dokotala akatchula jakisoni wa Thyrogen m'malo moimitsa kaye mapiritsi a levothyroxine (aja olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, omwe amaimitsidwa pokonzekera kumwa I-131), funsiranitu mtengo wake, chifukwa ndi wodula zedi. Woyembekezera samwa mankhwalawa, ndipo woyamwitsa amaletsa mwana kuyamwa kudakali masabata angapo.

Akamwa, yembekezerani nseru, kutupa m'munsi mwa makutu, kuuma kukamwa ndi nsima kusamveka kukoma. Zambiri mwa izi zimatha zokha. Amwe madzi ambiri, azikodza pafupipafupi. Maswiti owawasa amathandiza malovu kutuluka, koma nthawi yoyambira akuuzeni ndi dokotala.

Povuta penipeni ndi pa alendo. Mphamvu ya I-131 imatsika ndi theka pakatha masiku 8, ndipo masiku oyamba mankhwalawa amatuluka mu mkodzo, m'malovu ndi m'thukuta. Wodwala azigona yekha, azitalikirana ndi anthu mamita awiri, makamaka ana ndi amayi apakati. Ndiye mukudziwa kwathu kuno, munthu akabwera kuchokera ku chipatala cha kunja mudzi wonse umadzazonda. Ife tsiku lomwe tinafika, amvano anatipeza pabalaza ndi nyimbo, ndipo ndikubwera ku khitchini ndinapeza kamdzukulu kali pamiyendo pa agogo ake, kakumwera kapu yomweyo. Kukachotsa kunali kophweka. Chovuta chinali kufotokozera azakhali, omwe anaona ngati tikusala amayi. "Inu ana inu, mayi wanu wasanduka wakhate?" Dokotala titamuimbira anatikhazika mtima pansi, koma nkhani ya azakhali inatenga mwezi. Choncho auzeni achibale ndi ampingo musananyamuke n'komwe, ndipo muwapatse tsiku lenileni loti abwere kudzazonda, lija dokotala walemba pa pepala lotulukira. Ofuna kupemphera akhale pakhonde, wodwala ali pakhomo la chipinda. Mawu amafika.

Zachimbudzi: akhale pansi pokodza ngakhale ali bambo, agujumule kawiri, asambe m'manja ndi sopo. Ngati chanu ndi chokumba, muuzeni dokotala asanakutulutseni. Chikho chokodzera usiku musamachigwire ndi manja. Mbale, supuni ndi thaulo zake zokha, zovala muchape padera.

Kalata ya chipatala muziyenda nayo, makina a pa eyapoti amatha kulira ngakhale patapita miyezi ingapo. Nkhani yotenga pakati idikire miyezi 6 mpaka 12, ndipo magazi azikayezetsa pa masiku omwe auzidwa.