Webusaiti yanu ndi yokongola koma sikuoneka pa Google? Yambani kukonza apa

Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi anandiitana tsiku lina kuti ndikaone webusaiti yawo. Analipira ndalama zambiri kuti awapangire, ndipo kunena zoona inali yokongola. Mukaitsegula pa laputopu, kanema wa dzuwa likutuluka panyanja ankadzaza sikirini yonse, asodzi akupalasa bwato chapatali. Dandaulo lawo linali lakuti munthu akasaka malo ogona ku Mangochi pa Google, iwo sankapezeka ngakhale patsamba lachitatu, pamene anzawo a mawebusaiti ooneka wamba ankakhala pamwamba.

Ndinatulutsa foni yanga, n'kuzimitsa Wi-Fi, n'kulemba adiresi yawo, kenako n'kuiika patebulo. Tiyi anafika pakati pa kapu sikirini idakali mbee. Mayiwo anangogwira pakamwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Google ilibe maso oonera kukongola. Imatumiza pulogalamu yotchedwa Googlebot imene imayenda m'mawebusaiti, kuwerenga mawu ndi kutsatira malinki, ndipo masiku ano imabwera ngati munthu wa foni. Ndiye pokonza webusaiti muziganizira munthu amene ali m'minibasi, foni yake ndi yotchipa, netiweki ikubwera n'kumachoka, bandulo yatsala pang'ono kutha. Ameneyo akathandizika, zambiri zimene Google imayang'ana mwazikwaniritsa kale. Ndinene pachiyambi pomwe kuti zimene mwalemba patsamba ndi zomwe zili ndi mphamvu kuposa zonse. Kapangidwe kabwino sikangakweze tsamba lopanda kanthu, koma kapangidwe koipa kamakwirira tsamba labwino.

Choyamba: onani ngati Google ikukudziwani n'komwe

Pa Google lembani mawu akuti site: (pamodzi ndi timadontho tiwirito) kenako adiresi ya webusaiti yanu popanda kusiya mpata. Masamba amene atuluke ndi omwe Google inasunga. Pakapanda kutuluka kanthu, ndipo webusaiti yanu inapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, lowani ku Settings, kenako Reading. Pamenepo pali kabokosi kolembedwa kuti "Discourage search engines from indexing this site". Opanga mawebusaiti amakachonga ntchito ikadali m'kati kuti Google isaone zinthu zosatha, koma ena amaiwala kuchotsa chizindikirocho popereka ntchito. Chichotseni.

Mukatero lembetsani webusaitiyo ku Google Search Console, chida cha Google chokuonetsani mmene webusaiti yanu ikuonekera pa Google. Ndi zaulere. Tumizani kumeneko sitemap, umene ndi mndandanda wa masamba anu onse. Akauntiyo ikhale m'dzina lanu, osati la amene anakupangirani webusaiti, chifukwa tsiku limene mudzasiyane naye mudzavutika.

Chachiwiri: iyeseni pa foni, osati pa laputopu ya wopanga

Pa 21 Epulo 2015 Google inayamba kukondera masamba ooneka bwino pa foni kwa anthu osaka ndi foni. Mu 2018 inayamba kusamutsira mawebusaiti ku dongosolo limene zooneka pa foni ndi zomwe zimawerengedwa posankha wokhala pamwamba, ndipo mu Okutobala 2023 inalengeza kuti ntchito yosamutsayo yatha.

Apa ndi pamene ambiri amadzipwetekera. Wopanga webusaiti amafuna kuti pa foni pazioneka poyera, ndiye amachotsa ndime zina zimene zili pa kompyuta. Zimene wachotsazo, kwa Google zili ngati kulibe. Kupinda mawu m'kabokosi kotseguka munthu akadina kulibe vuto. Vuto ndi kuwachotseratu.

Bwerekani foni yotchipa, muzimitse Wi-Fi, muyende m'masamba onse. Kodi mawu akuwerengeka osawakulitsa ndi zala? Kodi chala chachikulu chikudina batani limodzi osagunda linzake? Kodi tsamba likukwanira pa sikirini, kapena mukuchita kulikankhira kumbali? Nanga mukadina nambala ya foni, ikuimba?

Chachitatu: mawu akhale mawu, asakhale chithunzi

Ili ndiye vuto limene ndimakumana nalo kwambiri kuno kwathu. Tinazolowera kupanga kapepala kokongola kotsatsira malonda pa WhatsApp ndi Facebook, ndiye kapepala komweko timakakweza pa webusaiti n'kumati ntchito yatha. Kwa mayi a ku Mangochi aja, mitengo ya zipinda, chambo chowotcha, ulendo wa pabwato, njira yofikira kumaloko, zonse zinali m'chithunzi chimodzi. Mawu enieni amene ndinatha kukopera patsamba loyamba anali moni wa Chingerezi ndi dzina la malowo basi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani chala pa mawu alionse patsamba lanu n'kupanikiza pang'ono. Akasankhika moti mungathe kuwakopera, ndi mawu enieni. Chikatuluka chithunzi chonse, alembeninso pansi pake ngati mawu wamba. Google yomwe imalangiza kuti maina ndi mfundo zofunika zizilembedwa ngati mawu, ndipo musadalire kuti iwerenga zolembedwa m'chithunzi.

Kenako onani mitu. Tsamba lililonse lili ndi title, mawu amene kawirikawiri amatuluka ngati linki pa zotsatira za Google. Ambiri amasiya "Home". Lembani chimene mumachita, kumene muli ndi dzina lanu, monga momwe kasitomala angalembere posaka. Patsamba penipeni pakhale mutu waukulu umodzi, H1, timitu tina n'kukhala H2. Musasankhe mutu potengera kukula kwa zilembo, chifukwa kukulako kumasinthidwa padera.

Chithunzi chilichonse chofunika chipatseni alt text, mawu ochepa ofotokoza zimene zilimo, monga "chipinda cha anthu awiri choyang'ana kunyanja". Mawu amenewa amathandizanso anthu osaona amene foni imawawerengera tsamba mokweza, ndipo kwa ine chifukwa chimenecho chokha n'chokwanira. Koma wina akakuuzani kuti mulipire kuti akuikireni meta keywords, mawu osakira obisika amene alendo saona patsamba, sungani ndalama zanu. Google inanena poyera mu 2009 kuti siigwiritsa ntchito zimenezo posanja masamba.

Chilankhulo chikhale cha makasitomala anu. Ngati mumalandira alendo akunja ndi akuno omwe, masamba a Chingerezi ndi a Chichewa akhale osiyana, lililonse ndi adiresi yake.

Chachinayi: chepetsani katundu

Mu 2020 Google inalengeza miyeso yotchedwa Core Web Vitals, ndipo mu 2021 inayamba kuigwiritsa ntchito posanja masamba. Ilipo itatu. LCP imayesa nthawi imene chinthu chachikulu cha pamwamba pa tsamba chimatenga kuti chioneke, ndipo isapitirire masekondi 2.5. INP, imene inalowa m'malo mwa muyeso wakale wotchedwa FID mu Malichi 2024, imayesa kuchedwa kwa tsamba kuyankha mukadina, ndipo isapitirire mamilisekondi 200. CLS imayesa kudumphadumpha kwa tsamba, zija zoti mukufuna kudina batani, chithunzi chatulukira pamwamba, batani latsika, mwadina zina. Imeneyo isapitirire 0.1.

Tsegulani PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, lembani adiresi yanu, muone mbali ya Mobile. Musavutike n'kufuna malikisi 100. Werengani zimene ikunena kuti zikulemera, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti ndi zithunzi.

Chithunzi chochokera m'kamera ya foni chimatha kukhala mapikiselo 4000 m'lifupi ndi ma MB angapo, pamene sikirini ya foni sifuna ngakhale theka lake. Musanachikweze, chichepetseni kufika pa mapikiselo 1200 kapena 1600, n'kuchisunga ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka. Webusaiti yotchedwa Squoosh imachita zimenezi kwaulere pa intaneti pomwepo, ndipo WordPress imalandira WebP kuyambira mu 2021. Ine lamulo langa n'lakuti chithunzi chisapitirire 200 KB pokhapokha pali chifukwa. Muuzeni wopanga webusaiti alembe m'lifupi ndi kutalika kwa chithunzi chilichonse kuti malo ake azisungika chisanafike, pamenepo kudumpha kuja kumachepa. Zithunzi za m'munsi zizibwera munthu akamatsika, njira yotchedwa lazy loading, koma chithunzi chachikulu cha pamwamba musachiike m'gulu limenelo, chifukwa mukatero LCP imaipiraipira.

Zithunzi zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba loyamba sindizikonda. Foni imakoka zithunzi zisanu, munthu n'kuona chimodzi. Chotsaninso ma plugin, timapulogalamu toonjezera pa webusaiti, amene simukuwagwiritsa ntchito, ndipo mitundu ya zilembo isapitirire iwiri.

Za kanema wa dzuwa uja tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa mayiwo ankamukonda, ndipo anali ndi chifukwa chomukondera. Sitinamutaye. Tinamupatsa tsamba lakelake kumene amayamba munthu akadina yekha, ndipo patsamba loyamba tinaikapo chithunzi chimodzi chopepuka cha dzuwa lomwelo.

Chachisanu: musatchinge pakhomo

Kuyambira mu Januwale 2017, masamba amene amaphimba zolembedwa ndi chikwangwani chodzaza sikirini munthu atangochokera pa Google amatha kutsitsidwa. Zidziwitso zofunika mwalamulo, monga zofunsa zaka za munthu, sizili m'gulu limeneli. Ngati muli ndi zotsatsa, kachikwangwani kakang'ono kosavuta kutseka n'kokwanira.

Onaninso kuti adiresi yanu ikuyamba ndi https. Google inati mu 2014 iziganizira zimenezi posanja, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa. Chopweteka kwambiri n'chakuti kuyambira mu Julaye 2018 Chrome imalemba "Not secure" pa masamba opanda https, ndipo munthu akaona mawu amenewo sasiyapo nambala yake. Kuti mukhale ndi https pamafunika satifiketi ya chitetezo, ndipo ya bungwe la Let's Encrypt ndi yaulere.

Chachisanu ndi chimodzi: nkhani iliyonse ndi tsamba lake

Mawebusaiti a tsamba limodzi lalitali, zonse zili momwemo, amaoneka amakono. Koma Google imasanja masamba, ndiye tsamba limodzi silingayankhe bwino wosaka zipinda, wosaka holo ya ukwati ndi wosaka malo a msonkhano nthawi imodzi. Chilichonse chimene mumagulitsa chipatseni tsamba lake, ndipo menyu ifikitse munthu kumeneko atadina kawiri kapena katatu. Malinki azinena kumene akupita. "Mitengo ya zipinda" ikuuza munthu ndi Googlebot yomwe chimene akapeze, pamene "dinani apa" sikunena kanthu. Funsaninso wopangayo ngati malinki a pa menyu ali malinki enieni a HTML, chifukwa mabatani ena amagwira ntchito kwa munthu koma Googlebot singawatsatire.

Mukamasintha maonekedwe a webusaiti yakale

Musanagwetse yakale, lembani maadiresi a masamba ake onse. Amene angathe kukhala momwemo asiyeni. Amene asintha, aliyense aikidwe 301 redirect, lamulo losamutsa munthu wofika pa adiresi yakale, yolozera ku tsamba latsopano lofanana nalo, osati onse ku tsamba loyamba. Mukapanda kutero, malinki amene anthu anagawana zaka zonsezi amathera pa 404, uthenga wakuti tsamba silikupezeka, ndipo malo amene munali nawo pa Google amapita nawo limodzi.

Mukamaliza kukonza, bwererani ku Search Console, ikani adiresi ya tsamba mu URL Inspection, n'kudina Request indexing. Manambala a Core Web Vitals ochokera kwa anthu enieni amawerengedwa pa masiku 28 apitawo, choncho lembani tsiku limene mwasintha zinthu, ndipo mudzayerekeze patatha mwezi.