Mayunitsi a magetsi akutha msanga, bilu ya madzi ikukwera? Yesani izi pakhomo panu

Kuno ku Dedza June ndi July ikangofika aliyense amadandaula kuti mayunitsi sakuchedwa kutha, wagula lero pa Airtel Money kapena Mpamba koma sabata isanathe mita yayamba kale kulira. Chisanu cha kuno mukuchidziwa, madzi osamba amafunika otentha ndipo tiyi timamwa kangapo pa tsiku. Koma zomwe ndimaona mmakomo ambiri ndi zoti tikulimbana ndi zinthu zolakwika, bambo akukalipira mwana kuti wasiya babu likuyaka kuchipinda pomwe giza, thanki yamagetsi yotenthetsera madzi osamba, yakhala ikuyaka kuyambira dzulo palibe wayizimitsa.

Yambani ndi mita, musanagule chilichonse

Tengani kope ndi cholembera. Usiku mukamakagona lembani mayunitsi omwe atsala pa mita ya ESCOM, mawa nthawi yomweyo mulembenso, chitani choncho sabata yonse. Mudzaona nokha tsiku lomwe mayunitsi atsika kwambiri ndipo nthawi zambiri limakhala tsiku lomwe munasita kapena kuphika nyemba pa hotipuleti.

Masamu ake ndi osavuta. Yuniti imodzi ndi ma watts 1000 atagwira ntchito ola limodzi, ndipo ma watts amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo chilichonse. Ketulo yamagetsi imakhala cha mma 2000, giza 2000 mpaka 3000, mbale imodzi ya hotipuleti 1000 kapena 1500. Chaja ya foni ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezi. Ndiye chilichonse chomwe chimatentha ndi chomwe chikudya ndalama zanu.

Kenako gwirani zotenthazo

Giza ngati muli nayo iyatseni ola limodzi kapena awiri musanasambe kenako muizimitse, pabanja mugwirizane nthawi yosambira kuti anthu azisamba motsatana. Hita ya ma watts 2000 ikayaka maola asanu usiku ndi mayunitsi 10 apita, ndipo apa ine ndimati bola kuwonjezera bulangeti, kuvala masokosi ndi kutseka mipata ya pansi pa chitseko ndi nsanza. Chonde musalowetse mbaula ya makala mchipinda chotseka kuti muothere, mpweya wa makala sununkha komanso suoneka koma umapha anthu ali mtulo.

Mu ketulo thirani madzi okhawo omwe mukufuna, osati kudzaza ketulo yonse chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi. Ngati panyumba anthu amamwa nthawi zosiyana wiritsani kamodzi mmawa muike mu fulasiki basi. Kusita nako kuchitike kamodzi pa sabata, mayunifomu a ana ndi zovala za kuntchito zonse pamodzi, muyambe ndi zopepuka ayironi isanatenthe kwambiri ndipo zomaliza muzisite mutazimitsa kale chifukwa imakhala ikadali yotentha.

Mababu musawaiwale, makamaka a panja omwe amayaka usiku onse. Babu lakale lija la ma watts 100 likayaka maola 12 usiku uliwonse pamwezi limadya mayunitsi 36, pomwe la LED la ma watts 9 limangodya atatu ndi pang'ono. Ngati ndalama sizikwana kusintha onse yambani ndi lapanjalo, kenako la pabalaza.

Firiji isagundane ndi khoma ndipo musaikemo chakudya chotentha. Tsekerani kapepala pachitseko chake ndikukakoka, kakangosololoka mosavuta ndiye kuti labala yatha ndipo mpweya wozizira ukuthawa.

Kukhitchini, nkhani ya nyemba

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimapita, kaya mumaphikira magetsi, gasi, makala kapena nkhuni. Nyemba timadya pafupifupi sabata iliyonse, zimapezeka zambiri ku Lizulu, Bembeke ndi Tsangano, koma kuziika zouma pamoto ndi maola atatu kapena kuposa, makamaka zikakhala zakale. Ndipo kuno ndi kokwera, madzi amawira asanatenthe ngati mmene amachitira ku Salima kapena ku Nsanje, choncho nyemba zimachedwako kupsa.

Sankhani nyemba zanu madzulo, zitsukeni ndikuzinyika mmadzi usiku onse. Mmawa ikani pamoto muvundikire bwino, zikawira chepetsani moto chifukwa kubwadamuka kwambiri sikupsetsa msanga, kumangophwetsa madzi. Ena amati zonyika sizikoma, ine sindikugwirizana nazo, kukoma kumachokera pa tomato, anyezi ndi kuzisiya kuti msuzi ugwirane.

Palinso njira ya dengu. Yalani bulangeti lakale kapena nsalu zambiri mu dengu lalikulu, nyemba zonyika zija zikawira bwino kwa mphindi 20 mpaka 30 phulani poto ali chivundikirire, muikeni mu dengumo ndikukutira mbali zonse ndi pamwamba pomwe. Musatsegule kwa maola atatu kapena anayi, zimapitiliza kupsa ndi kutentha komwe kuli mkati, mukabwera mungozibwezera pamoto pang'ono kuti ziwirenso ndikuthira zokometsera. Mpunga umapsanso choncho.

Ophikira nkhuni siyani mafuwa mugule Chitetezo mbaula, yadothi ija, timitengo tochepa ngakhale zitsononkho ndi mapesi a nandolo zimaphika nsima bwinobwino. Tangoyang'anani mmene mapiri athu ayerera, mitengo ikutha tikuona. Ndipo mukamaliza kuphika pa makala musawasiye anyeke mpaka phulusa, aikeni mu chitini chotseka azime, mawa muyambira omwewo.

Tsopano madzi

Mita ya Central Region Water Board imawerenga ma cubic metre, imodzi ndi malita 1000, kutanthauza zigubu 50 za malita 20. Usiku tsekani mipope yonse, uzani aliyense kuti asagejemule toileti, lembani manambala onse a pa mita kuphatikiza ofiira aja. Mmawa musanatsegule mpope onaninso. Akasintha ndiye kuti penapake pakudontha ndipo chilichonse chotayika mita itawerenga kale mumalipira ndinu.

Poyamba kukaikira ndi toileti yamadzi. Thirani tiyi wakuda wopanda mkaka mu kathanki kake, dikirani theka la ola osagejemula, mtundu ukaoneka mmunsimo ndiye kuti labala ya mkati yatha ndipo madzi akuyenda usana ndi usiku mwakachetechete. Mukakonza ikani mu kathankimo botolo la lita imodzi lodzaza madzi lotseka bwino, pakona pomwe silingatsekereze kampira koyandama kaja, mukagejemula kulikonse lita imodzi yatsala.

Mpope wodontha ikani kapu pansi pake muone kuti idzaza mphindi zingati, mudabwa. Nthawi zambiri vuto ndi kawashala, kalabala ka mkati mwa mpope, komwe mumahadiweya a pa boma sikadula, mutseke kaye pa mita, mumasule ndi sipanala ndikusintha. Yendaninso motsatira paipi panja, pomwe pali chinyontho kapena udzu wobiriwira mu September ndi October dziwani kuti paphulika pansi, apo itanani pulambala. Kukadontha madzi asanafike pa mita kauzeni a Water Board.

Zina ndi zachizolowezi basi. Mbale tsukirani mmabeseni awiri osati pa mpope wotsegula, potsuka mano gwiritsani kapu, madzi otsukuluzira zovala kolopelani kapena thirani mu toileti, otsukira mpunga ndi masamba apite ku mpiru ndi repu wa kuseri, ndipo kuthirira kuchitike madzulo dzuwa litazizira.

Mvula ikayamba mu November kapena December ikani gatala ndi mgolo. Denga la malata la 50 square metres pa mvula ya mamilimita 10 limagwetsa malita pafupifupi 500, ochapira sabata yonse amenewo. Mvula yoyamba isiyeni itsuke kaye fumbi la padenga, ndipo mgolowo muzivundikira nthawi zonse kuopa udzudzu komanso ana ang'ono kugweramo.