Kulandira mlendo wakunja amene wabwera kudzakhala ku Mangochi: zapakhomo ndi kokamuyendetsa Loweruka

Chaka chilichonse ku Mangochi kumabwera anthu a maiko ena odzagwira ntchito m'zipatala, m'sukulu ndi m'mabungwe, ena kwa miyezi itatu, ena zaka ziwiri. Kawirikawiri udindo wowathandiza umagwera mnzawo wa kuntchito kapena mwininyumba. Vuto ndi lakuti zinthu zimene zimamusautsa mlendo ndi zomwe ife eni dera sitiziona n'komwe chifukwa tinakulira momwemo. Choncho musanaganize zopita naye kunyanja, yambani mwakonza zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku.

Tsiku loyamba, tsegulani naye pasipoti muone chidindo cha a Immigration. Wolowa ngati mlendo wamba amapatsidwa masiku owerengeka, nthawi zambiri 30, ndipo ayenera kukawonjezetsa masikuwo asanathe. Wobwera kudzagwira ntchito amafunika chilolezo chake, chimene ambiri amangoti TEP (Temporary Employment Permit), ndipo chimayendetsedwa ndi omulemba ntchito. Lembani tsiku lothera chidindo pakalendala. Ajambulitse tsamba la chithunzi ndi la chidindolo, aziyenda nalo, chifukwa apolisi pa rodibuloko amafunsa.

Kenako foni. Simu ya Airtel kapena TNM imalembetsedwa ndi pasipoti, ndiye ndi bwino kupita kushopu ya kampaniyo kusiyana n'kugula pamsewu. Pomwepo atsegulitse Airtel Money kapena Mpamba, popeza makadi a kubanki sagwira pamsika, ndipo makina otapira ndalama amatha kuuma kumapeto kwa mwezi pamene anthu a boma alandira. Ndalama zakunja asinthe kubanki kapena ku ofesi yovomerezeka basi. Wosintha wa pamsewu angatchule mtengo wokoma, koma ndi mlandu.

Kunyumba musonyezeni mita ya magetsi ndi nambala yake. Ambiri a kunja anazolowera kulandira bilu pakutha kwa mwezi, sadziwa kuti mayunitsi a ESCOM amagulidwiratu ndipo manambala 20 aja amayenera kulowetsedwa pamita. Muphunzitseninso kusiyanitsa kutha kwa mayunitsi ndi kuzima kwa magetsi dera lonse: ayang'ane kwa oyandikana nawo ngati kukuwala. Soketi zathu ndi za mano atatu ngati za ku Britain, mphamvu yake mavolti 230, choncho wochokera ku America aonetsetse kaye zolembedwa pachipangizo chake asanachilumikize, apo ayi chipsa. Payenera kukhala tochi, mbaula kapena gasi, ndi zigubu ziwiri za malita 20 zodzaza madzi nthawi zonse. Madzi akumwa aziwiritsa kapena kuthira WaterGuard, ngakhale inu mumamwa a pampopi osadwala. Mimba yake sinazolowere.

Nkhani ya malungo isatengedwe mopepuka. Mangochi ndi dera lotsika ndi lotentha, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, udzudzu susowa chaka chonse. Ife tili ndi kachitetezo pang'ono m'thupi chifukwa tinadwalapo kambirimbiri. Iye alibe, ndipo malungo akhoza kumugwetsa m'masiku awiri okha. Neti ikhale yoviikidwa m'mankhwala, yopanda bowo, yopindiridwa pansi pa matiresi. Akangomva kutentha thupi kapena litsipa, akayezetse magazi tsiku lomwelo, osadikira kuti aone m'mawa. Muuzeninso kuti akadzabwerera kwawo n'kudwala, auze dokotala kuti anali ku Malawi, chifukwa madokotala a kumeneko saganizira msanga za malungo.

Mangochi ndi kwa Ayao, ndipo Asilamu ndi ochuluka. Lachisanu masana mashopu ena amatsekedwa anthu akapita kumzikiti, ndiye zogula zofunika agule m'mawa. M'mwezi wa Ramadan asamadye kapena kusuta akuyenda pakati pa anthu osala. Nyama ya nkhumba asaitengere kunyumba ya munthu asanafunse. Zovala za kugombe zithere kugombe komweko. M'tauni ndi m'midzi amayi avale zofika m'maondo kapena amange chitenje. Popereka kapena kulandira chinthu agwiritse dzanja lamanja kapena onse awiri, ndipo asayambe nkhani asanapereke moni. Achikulire aziwatchula abambo, amayi, achimwene, achemwali, ndipo patsogolo pa dzina aziikapo "Che" monga amachitira eni dera. Akadziwa "Ali uli?" ndi "Sikomo" m'Chiyao, pamsika amulandira bwino.

Pa za mtengo, muuzeni mitengo yeniyeni ya kabaza, tomato ndi nsomba sabata yoyamba, kuti azinenerera akudziwa poyambira. Wa kabaza agwirizane naye mtengo asanakwere. Njinga yamoto akwere pokhapokha pali chisoti.

Tsopano za Loweruka. Ulendo woyamba usakhale wautali, m'tauni momwemo muli zoona za theka la tsiku. Yambirani pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria atamwalira mu 1901. Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, kuchokera pa linga limene Mngelezi Harry Johnston anakhazikitsa mu 1891 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo pa mtsinje wa Shire. Pafupi ndi nsanjayo pali mfuti yaikulu ya sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Lake Malawi Museum ili chapafupi, mukhoza kuyenda wapansi. Nyamukani 8 koloko isanakwane. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la masana limafooketsa ngakhale mbadwa. Akaona madzi a Shire ali phee asakopeke: muli ng'ona ndi mvuu, chimodzimodzi ku Malombe.

Cape Maclear imafuna kugona usiku umodzi. Mumatsata msewu wa M10 kudutsa Nkopola ndi Makokola, n'kukhotera kumanzere mutatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, kenako makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri mpaka m'mudzi wa Chembe. Pa basi, minibasi imakusiyani ku Monkey Bay kapena pamphambano, kuchokera apo ndi njinga yamoto kapena matola. Werengerani kuti minibasi sinyamuka isanadzaze. Ngati muli ndi galimoto, thirani mafuta Lachinayi, chifukwa akasowa m'tauni, kutsogoloko n'kovutirapo.

Malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna za mawangamawanga zokhala m'miyala. Kuti azione bwino, lembani boti lopita ku chilumba cha Thumbi kapena pitani ku Otter Point. Musananyamuke gwirizanani zinthu zinayi ndi mwini boti: mtengo wonse, maola, ngati magalasi oonera pansi pa madzi ali m'mtengowo, ndiponso amene alipire ndalama yolowera m'paki. Mikangano yambiri imachokera pa chomalizachi. Onani ndi maso kuti majekete oyandamitsa alipo okwanira aliyense. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, nyanja imatha kuwinduka mosayembekezereka. Asodzi akati lero ayi, imvani. Amene amakonda mbiri mupite nawo kumanda a amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawapululutsa.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osazama, makamaka pafupi ndi midzi ndi m'mabango, ndipo timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Mlendo wosambira ku Chembe aziona ngati walitenga ndithu. Mankhwala ake ndi praziquantel, amamwedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, atadya kaye. Koma kumwa mawa lake n'kungotaya, popeza mankhwalawa sapha nyongolotsi zikadali zazing'ono. Adikire masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi, ndipo akaonane ndi a chipatala kuti amuyeze sikelo. Ena amadzitonthoza kuti kudzipukuta msanga ndi thaulo kumateteza, musadalire zimenezo.

Ku Monkey Bay n'kumene kumakocheza Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Kuiona n'kosangalatsa, koma ulendo wake wopita kumpoto ndi kubwerera umadya pafupifupi sabata, si wa Loweruka ndi Lamlungu. Padoko pali asilikali a pamadzi, choncho kamera ikhale m'chikwama. Lamulo lomweli ligwirenso pa marodibuloko, ndipo anthu, makamaka ana ndi amayi osamba kugombe, asawajambule asanapemphe.

Wofuna nyama zakutchire mupite naye ku Liwonde National Park, kummwera potsata M3. Bungwe loteteza nyama la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo linabweretsanso akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, kuwonjezera pa njovu, mvuu ndi zipembere. Kuchokera ku Mangochi njira yachidule yofikira ku Mvuu, malo ogona alendo a m'pakimo, ndi kukhotera pa Ulongwe mpaka kumtsinje, kumene boti limadzakuwolotsani, koma muyenera kuwaimbira foni pasadakhale. Ndalama yolowera imasiyana pakati pa Mmalawi, mlendo wokhala m'dziko muno ndi wongodzacheza, ndiye atenge chilolezo chake kuti asalipire mtengo wapamwamba. Nyengo yabwino ndi yachilimwe, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana kumadzi. M'dzinja misewu ina ya m'pakimo siipitika.

Kutentha kukanyanya, wolokani mlatho mukwere phiri lopita ku Namwera, kumene kuli kamphepo kayeziyezi ndipo pokwera mumaona Malombe yonse m'munsi. Musapitirire naye mpaka kudutsa pa Chiponde popanda zikalata, tsidya linalo ndi Mandimba, dziko la Mozambique.

Ulendo uliwonse wobwerera Lamlungu uyambike 3 koloko isanakwane. Kuno kumada cha m'ma 6, ndipo mumdima msewu umadzaza ndi njinga zopanda nyale, mbuzi ndi anthu oyenda m'mphepete mwenimweni mwa tala. Mukaima kugula nsomba panjira, dinani mnofu ndi chala muone ngati ukubwerera, maso akhale owala, ndipo munyamule bokosi la ayezi, chifukwa chambo chomangirira pagalasi la galimoto m'dzuwa la Okutobala chimafika kunyumba chitayamba fungo.