Musanabetche pa Intaneti, Fufuzani Laisensi

Mwafunsa mmene mungadziwire ngati webusaiti yobetcherapo ndi yovomerezeka kuno ku Harare.

Yambani ndi kumunsi kwa tsamba: pezani dzina la kampani ndi nambala ya laisensi. Ku Zimbabwe laisensiyi imachokera ku bungwe la boma la Lotteries and Gaming Board. Laisensi yakunja, monga ya ku chilumba cha Curaçao, sikuthandizani kampaniyo ikakudyerani ndalama muli ku Mbare. Kenako funsani bungwelo ngati kampaniyo ili m'kaundula wawo, chifukwa chizindikiro chokha aliyense angakopere.

Polipira pa EcoCash, onani dzina la wolandira ndalama musanatsimikize kulipira. Likakhala la munthu osati la kampani, lekani pomwepo. Yesani kaye ndi dola imodzi, muone ngati ikutapika. Akati mutumize ndalama ina kuti akupatseni zomwe mwawina, amenewo ndi akuba: sungani mauthenga onse, mukanene kupolisi.