Musanapite kwa a phungu ndi vuto lanu

Ndinakhala mlembi wa ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu) kwathu zaka zinayi, ndipo ndaonapo anthu ali pageti pa a phungu kusanache: wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana wa Fomu 2, wina galimoto yonyamula wodwala. Sindiwanyoza. Inenso bambo anga atamwalira ndinapita komweko, ndinabwerako ndi thumba limodzi la chimanga. Koma zoterezi a phungu amatapa m'thumba mwawo, ndipo malipiro a munthu mmodzi sangakwanire maliro onse a m'dera. Lero mwalandira, mawa mupeza geti lotseka.

Ndiye yambani mwadzifunsa ngati vutolo ndi la pakhomo panu kapena la mudzi wonse. Likakhala la mudzi, monga mjigo wakufa, mlatho wokokoloka, kapena ana ophunzirira pansi pa mtengo, musalisenze nokha. Litengereni ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, likambidwe amfumu ali pomwepo, lilembedwe. Likachoka apo lipite ku ADC, kenako ku khonsolo, kuti lilowe mu dongosolo la chitukuko. Khansala wanu muyende naye, poti ndi amene amakhala pafupi ndi nkhani za ku khonsolo. Ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu), zomwe zinayamba mu 2006, ndi zamisonkho yathu ndipo zimadzera ku khonsolo. Si mphatso ya a phungu, ngakhale dzina lawo lilembedwe pachikwangwani.

Mukatero, pitani kwa a phungu muli atatu kapena anayi, ndi kalata ya tsamba limodzi. Mulembemo tsiku limene mlatho unakokoloka, mabanja amene akuvutika, ndi mtunda umene amayi apakati akuzungulira popita ku sikelo. Amfumu adindepo chidindo, ina yofanana nayo musunge. Mawu akuti "mutiganizire" sathandiza, chifukwa yankho lake ndi "tiona". Nenani kuti, "Olemekezeka, tikupempha mukafunse nduna za mlathowu Nyumba ya Malamulo ikakumana." Kufunsa nduna, kuyankhula pokambirana bajeti, kukumbutsa a DC, zimenezi ndiye zili m'manja mwawo.

Kulemba mwana wanu ntchito yauphunzitsi kapena kutulutsa m'bale wanu m'chitokosi si mphamvu zawo. Mtengo wa feteleza sangautsitse okha, pakuti kuyambira chisankho cha 2025 voti yawo ndi imodzi mwa 229.

Akakhala chete, kuwachotsa pampando nthawi isanakwane simungathe. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lomwe linkapereka mphamvu imeneyo linachotsedwa mu 1995, ndipo ine zimandiwawa mpaka pano. Chomwe muli nacho ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lemberani ku khonsolo, mufunse kuti ndalama za CDF za dera lanu chaka chathachi zinagwira ntchito yanji, ndipo yankholo mukaliwerenge mokweza pamsonkhano wa ADC.